Zolankhula pagulu zikamakukanikani: pezani gwero la vuto ndi kulikonza

Munthu akapatsidwa mpata wolankhula pa maliro, pa chinkhoswe, pa msonkhano wa makolo kusukulu kapena pa msonkhano wa chitukuko kwa a gulupu, mavuto amene amakumana nawo amakhala omwewomwewo. Nthawi imamuthera asananene chimene anaimirira. Anthu amayamba kucheza. Mutu umaima. Masipika amalira. Ambiri amangoti ndi mantha, kapena kuti alibe mphatso ya pakamwa, koma nthawi zambiri gwero lili kwina. Zolakwika zimene zimaonekera pabwalo zimayambira kunyumba, pamene munthu sanasankhe mfundo imodzi yoti anene ndipo sanayeserere mokweza mawu wotchi ili pambali.

Pezani chizindikiro chofanana ndi chanu m'munsimu. Zoyambitsa zandandalikidwa kuyambira chofala kwambiri, choncho yambani kufufuza pa nambala 1.

## Kuyeza koyamba, musanakonze chilichonse

- Ikani foni pa mpando, masitepe atatu kuchokera pamene mwaima, ndipo muitchere kuti ijambule kanema.
- Lankhulani zonse mutaimirira, mokweza, kuyambira malonje mpaka kuthokoza. Mukalakwitsa musabwerere poyambira.
- Onani mphindi zimene mwatenga.
- Pomvetsera, lembani malo amene munadodoma ndi mawu amene mumangowabwereza, monga "kotero" kapena "ndiye kuti".
- Munthu mmodzi wapakhomo amvetsere, kenako mumufunse kuti, "Ndati chiyani?" Akalephera kuyankha m'chiganizo chimodzi, vuto lili pa mfundo zanu. Konzani zimenezo musanade nkhawa ndi liwu kapena kaimidwe.

## Mwakhala ndi pepala nthawi yaitali koma palibe chogwirika

1. Muli ndi mutu wa nkhani, mulibe cholinga. "Ukhondo" ndi mutu chabe. "Khomo lililonse likhale ndi chimbudzi chovundikira mvula isanayambe" ndi cholinga. Malizitsani chiganizo ichi papepala: "Ndikakhala pansi, ndikufuna anthu awa a..." Chilichonse chosathandiza chiganizo chimenecho chichotseni, ngakhale chikhale chokoma bwanji.
2. Simunamufunse amene anakuitanani. Funsani izi: kudzakhala anthu otani ndipo angati, panja kapena m'nyumba, mphindi zingati, ndani adzalankhule inu musanaime ndi pambuyo panu, chilankhulo chiti, zokuzira mawu zidzakhalapo kapena ayi. Chachikulu koposa, mukulankhula m'malo mwa yani? Woimira banja sanena maganizo ake, amanena zimene banja lagwirizana.
3. Mukulimbana ndi mawu oyamba. Asiyeni. Lembani kaye ziganizo ziwiri zomaliza, kenako mfundo, malonje pamapeto.
4. Zoona zake simunazitolere. Mbiri ya malemu imafuna chaka chobadwa, mudzi ndi mfumu, kumene anaphunzira, ntchito, banja, ana onse ndi amene ali moyo. Tsimikizani kwa anthu awiri, mmodzi akhale mwini mbumba. Lipoti la msungichuma limafuna buku ndi malisiti pafupi.

Dongosolo limene limagwira pa zochitika zambiri ndi ili: malonje, chifukwa chimene mwaimirira, mfundo zosaposa zitatu iliyonse ndi chitsanzo chimodzi, pempho lanu, kuthokoza.

## Nthawi ikutha musanafike pa mfundo

Ili ndiye vuto lofala kuposa onse, ndipo limapweteka anthu ena osati inu nokha. Pa maliro adzukulu akudikira, ochokera kutali akuwerengera basi yomaliza, ndipo m'dzinja mtambo ukhoza kugwa nthawi iliyonse. Mphindi zimene mwadya inu zimachotsedwa kwa wolankhula wotsatira.

1. Munayeserera chamumtima. Maso amathamanga kuposa pakamwa. Tsamba limene mumalimaliza msanga powerenga mwakachetechete limatenga nthawi yochuluka mukamalitchula mokweza, ndipo pabwalo pamawonjezeka kuomba m'manja, nthungululu ndi kupatsirana maiki. Mukapatsidwa mphindi 5 konzani za mphindi 4. Mukapatsidwa 10 konzani za 8.
2. Malonje atalika. Woyamba kulankhula, kapena woyendetsa mwambo, ndiye ayenera kutchula akuluakulu onse mmodzimmodzi. Inu obwera pambuyo tchulani mlendo wolemekezeka ndi amfumu, kenako "ndi nonse amene mwatchulidwa kale, ndakupatsani ulemu". Pa zolankhula za mphindi 5, malonje asapitirire theka la mphindi.
3. Kupepesa kwachuluka. "Ine sindidziwa kulankhula", "angondidzidzimutsa", "sinditalikitsa". Kudzichepetsa n'koyenera pamaso pa akuluakulu, koma chiganizo chimodzi n'chokwana. Chikapitirira, anthu amakhulupirira kuti simunakonzekedi ndipo amasiya kutchera khutu.
4. Mukubwereza za anzanu. Khalani ndi cholembera pamene ena akulankhula, muzikhwatcha mfundo zimene zanenedwa. Poima ingonenani kuti, "Zimene anena a mpingo ndagwirizana nazo," n'kupita pa zanu.
5. Mulibe mawu otsekera. Chizindikiro chake ndi kunena "pomaliza" katatu. Lowezani ziganizo ziwiri zotsekera, ndipo mawu akuti "pomaliza" atuluke kamodzi kokha, patatsala masekondi osaposa 30.
6. Pali womasulira. Chilichonse chinenedwa kawiri, choncho dulani zolankhula zanu pakati. Mupatseni mfundo zanu, manambala ndi mayina mwambo usanayambe. Lankhulani ganizo limodzi lathunthu, muime, amalize, kenako mupitirize. Musadule chiganizo pakati, chifukwa zilankhulo sizisanja mawu mofanana ndipo iye amafunika kumva mapeto kuti adziwe poyambira.

Pokonzekera, zungulizani ndi pensulo ndime imodzi kapena ziwiri zimene mungazisiye popanda kuwononga uthenga. Woyendetsa mwambo akakusendezerani kapepala kapena akayamba kuyandikira, dumphani zozungulizidwazo mupite pa pempho lanu. Kuthamangitsa mawu kuti zonse zikwane n'kulakwitsa kawiri: nthawi ipitirirabe ndipo palibe amene amve.

## Anthu akuwodzera, akunong'onezana, akuyang'ana mafoni

1. Mwaweramira pepala. Liwu la munthu wowerenga limakhala pamzere umodzi, ndipo limapita pansi m'malo mopita kwa anthu. Onani pa kanema amene munajambula: ngati pakupita masekondi 15 nkhope yanu isanadzuke, vuto ndi limeneli. Chotsani ziganizo zathunthu, musiye mawu okumbutsa okha. Ngati mukuwerenga uthenga wa munthu wina umene suyenera kusinthidwa, ikani chala pamzere, werengani chiganizo ndi maso, dzutsani mutu n'kuchinena.
2. Munalembera maso, osati makutu. Chiganizo chimene simungachimalize ndi mpweya umodzi chiduleni pawiri. Mawu a m'maofesi, zidule za mayina a mabungwe ndi Chingerezi chosakaniza zimasiya kunja agogo, amene nthawi zambiri ndiwo amagamula nkhani ikafika kunyumba.
3. Manambala achuluka kapena ndi achilendo. Khutu siligwira "73.4 peresenti", koma limagwira "anthu 7 mwa anthu 10 alionse". Kwa alimi nenani maekala, ndowa ndi matumba a makilogalamu 50. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Manambala atatu ndi okwana. Otsalawo alembeni pa bolodi kapena papepala logawa.
4. Palibe chitsanzo cha kwawo. Tchulani mjigo umene iwo amatungapo, mlatho umene amawoloka, mtengo wa feteleza umene agula chaka chino.
5. Vuto si inu. Dzuwa lafika paliwombo, anthu akhala kuyambira m'mawa osadya, ndipo ndinu wachisanu ndi chiwiri kulankhula. Apa palibe luso limene lingathandize kuposa kufupikitsa. Nenani mfundo yaikulu ndi pempho, mukhale pansi.

Mwambi umadzutsa gulu ukakhala umodzi, wodziwika ndi wogwirizana ndi nkhani. Nenani theka, anthu amalize okha: inu mukati "Mutu umodzi...", iwo ayankha "susenza denga", ndipo maso onse abwerera kwa inu. Miyambi itatu yondondozana imabisa mfundo. Mwambi umene simukutsimikiza tanthauzo lake ufunseni kwa wamkulu musanaugwiritse ntchito, chifukwa ina imaluma munthu amene simunafune kumuluma.

## Mutu waima pakati pa zolankhula

1. Munaloweza liwu ndi liwu. Liwu limodzi likathawa, zotsatira zonse zimathawa nalo. Lowezani mawu oyamba, mawu omaliza ndi ndondomeko ya mfundo basi. Pakatipo muzinena mosiyanasiyana pa kuyeserera kulikonse. Kuyeserera katatu kapena kanayi pa masiku osiyana kumathandiza kuposa kakhumi usiku umodzi.
2. Pepala ndi losawerengeka. Zilembo zing'onozing'ono, kulemba mbali zonse ziwiri, masamba opanda manambala, mphepo. Lembani mbali imodzi, zilembo zikuluzikulu, pa kompyuta saizi 16 kapena kuposa, mizere yotalikirana. Makadi olimba okwana m'dzanja ndi abwino kuposa pepala lalikulu: khadi limodzi mfundo imodzi, nambala pakona, onse omangidwa ndi kachingwe. Foni ndi yosadalirika panja, chifukwa padzuwa sioneka, imazima yokha, ndipo wina akhoza kuimba muli pakati.
3. China chakusokonezani. Mwana walira, galimoto yafika, mlendo wolemekezeka walowa mochedwa. Imani, zidutse, kenako bwerezani chiganizo chimene munali nacho.
4. Simunagone kapena simunadye. Zimachitika kwambiri pa maliro, pamene wolankhula wachezera pa siwa usiku wonse. Amene adzawerenge mbiri apatsidwe mpata wogona maola angapo.
5. Chisoni chakugwirani pakhosi. Ngati malemu ndi kholo lanu, mwana kapena mnzanu wapabanja, konzeranitu wachibale woti aime pambali panu ali ndi pepala lofanana ndi lanu. Mukalephera, iye apitiriza. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Zikachitika muli chiimire: tsekani pakamwa, pumani kamodzi mozama, yang'anani khadi, nenaninso mfundo yomaliza imene mukuikumbukira. Masekondi asanu a chete amatalika kwa inu nokha, omvera amangoona ngati mukutsindika.

Siyani pomwepo ngati wolankhula wayamba mwadzidzidzi kutulutsa mawu osamveka ngati woledzera pamene sanamwe, pakamwa papindikira mbali imodzi, kapena mkono wafooka. Amenewo si mantha, ndi zizindikiro za sitiroko. Mukhazikeni pansi, musamupatse madzi kapena chakudya, ndipo muthamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

## Manja akunjenjemera, mtima ukuthamanga, m'kamwa mwauma

Thupi likaona maso ambiri limatulutsa adirenalini, mankhwala a m'thupi amene amalikonzekeretsa kuthawa kapena kulimbana ndi choopsa. Mtima umafulumira, magazi amapita kuminofu, malovu amachepa. Zimachitikira ngakhale alaliki ndi aphunzitsi a zaka zambiri, ndipo kwa ambiri zimatsika mphindi zoyambirira zikadutsa. Zimakula pa zifukwa izi:

1. Simukudziwa mawu anu oyamba. Ziganizo zitatu zoyambirira zikhale pamilomo moti mungazinene mutangodzutsidwa kutulo.
2. Mukupumira pachifuwa chokha. Mukudikira kuitanidwa, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ifufume, kenako utulutseni pang'onopang'ono mpaka 6. Chitani kasanu.
3. Khofi, tiyi wowirira kapena zakumwa zopatsa mphamvu m'mimba mopanda kanthu. Idyani pang'ono ola limodzi kapena awiri zisanayambe. Imwani madzi wamba, ndipo kabotolo kakhale pafupi.
4. Malo ndi achilendo. Fikani kudakali nthawi, muime pamene mudzaime, muyese maiki, mupereke moni kwa anthu angapo. Polankhula muziyang'ana nkhope zimenezo, ina kumanzere, ina pakati, ina kumanja.
5. Mwaima molakwika. Mapazi atalikirane molingana ndi mapewa, mawondo asaume. Pepala lopyapyala limaonetsa kunjenjemera kulikonse, khadi lolimba limabisa.

Mowa musauyese ngati mankhwala a mantha. Umamasula lilime pa zinthu zimene munafuna kusunga, ndipo oyandikana nanu amaumva fungo. Musamwenso mapilitsi a munthu wina. Mankhwala ochepetsa kugunda kwa mtima monga propranolol akhoza kumubanikitsa munthu wa mphumu, ndipo ayenera kulembedwa ndi dokotala.

Pitani kuchipatala ngati pamodzi ndi manthawo mukumva kupweteka kapena kulemera pachifuwa, mukukomoka, kapena mtima ukudumphadumpha ngakhale mutakhala phee. Ngati mantha akukusowetsani tulo masabata angapo, kapena mwakana ntchito, kusiya sukulu kapena kuthawa misonkhano chifukwa cha iwo, kaonaneni ndi ogwira ntchito za umoyo wa m'maganizo pa chipatala cha boma lanu. Vutoli lili ndi chithandizo.

## Akumbuyo akukuwa kuti "Sitikumva!"

Popanda zokuzira mawu:

1. Mukulankhula kwa akutsogolo, makamaka kwa akuluakulu a pa mipando. Perekani ulemu kwa iwo, kenako tembenukirani ku gulu ndipo mulunjike munthu wakumbuyo kwenikweni.
2. Mukumeza mapeto a ziganizo chifukwa mpweya watha. Fupikitsani ziganizo, mupume pa mpumiro uliwonse.
3. Mukuthamanga. Panja liwu limafuna mpata kuti lifike. Chepetsani liwiro kuposa mmene mumachezera.
4. Mphepo ikuwomba kumaso kwanu. Sunthani kuti iwombe kuchokera kumbuyo kwanu kupita kwa anthu. Khoma kumsana limathandizanso.

Ndi maiki:

1. Ili kutali ndi pakamwa. Maiki yogwira m'manja ikhale zala zitatu kapena zinayi kuchokera pamilomo, osati pachifuwa kapena pamimba. Mukatembenuza mutu, nayonso itembenuke. Dzanja logwira maiki lisamalozeloze.
2. Yazimitsidwa. Wolankhula wapita anaithimitsa pokupatsirani. Onani kabatani ndi kagetsi musanayambe.
3. Mabatire afooka. Pa maiki yopanda waya mawu amadukaduka kapena kunong'ona. Okonza mwambo akhale ndi mabatire atsopano apadera.
4. Waya wakhwefuka kapena wathyokera mkati. Mawu amabwera n'kuchoka mukagwedeza waya. Sinthani waya, musamangoupotokola.
5. Masipika ali pansi. Matupi a akutsogolo amatsekereza mawu. Akwezeni pamwamba pa mitu ya anthu okhala.

Poyesa maiki musaimenye kapena kuipemerera, ingolankhulani. Ngati "p" ndi "ph" akuphulika, ipendekeni pang'ono kuti mpweya udutse pambali. Magetsi akathima musadikire: senderani pafupi ndi anthu, kwezani mawu, nenani mfundo yaikulu ndi pempho.

## Masipika akulira mobaya m'makutu

Kulirako kumabwera maiki ikamva mawu otuluka m'sipika n'kuwabwezeranso mu ampulifaya mobwerezabwereza.

1. Mwaima kutsogolo kwa sipika, kapena maiki yaloza sipika. Bwererani kumbuyo kwa mzere wa masipika.
2. Voliyumu yakwezedwa kwambiri chifukwa mwaika maiki kutali. Iyandikizeni pakamwa, woyendetsa zida atsitse.
3. Mwafumbatira mutu wa maiki. Ambiri amachita zimenezi pofuna kuletsa kulira, koma kumangowonjezeka. Gwirani pa chogwirira.
4. Maiki ina yasiyidwa yoyaka pa tebulo. Zimitsani zonse zosagwiritsidwa ntchito.

Musakonze nokha ngati maiki ikukugwirani magetsi pamilomo kapena m'dzanja, ngati mukumva fungo la waya wopsa, kapena ngati mawaya osenda agona pa nthaka yonyowa. Magetsi a m'nyumba ndi a jenereta ndi okwana kupha munthu. Zimitsani pa gwero, itanani wodziwa zamagetsi. Jenereta ikhale panja, kutali ndi mazenera ndi tenti, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha.

## Mawu asasa, pakhosi pakuwawa

1. Mukukuwa ndi pakhosi m'malo mokankha mpweya kuchokera m'mimba. Liwu lokwera limafuna mpweya wambiri, osati kufinya kholingo.
2. Madzi achepa m'thupi. Yambani kumwa dzulo lake, osati pa mphindi yomaliza.
3. Munaimba kapena kulankhula usiku wonse, pa fumbi kapena pafupi ndi utsi wa moto.
4. Chimfine. Pumitsani mawu. Kunong'ona ndi kukhosomola mokakamiza kuti pakhosi payere kumatopetsa kholingo kwambiri. Ngati mawu atheratu, wina awerenge m'malo mwanu inu mutaima pambali.
5. Fodya, kapena chilungulira chokwera kummero usiku.

Kaonaneni ndi achipatala mawu akasasa kupitirira masabata atatu, makamaka ngati mumasuta, kapena ngati mukuvutika kumeza, mwatuluka chotupa m'khosi, kapena mukulavula magazi. Kutsokomola kwa masabata awiri kukayezedwe chifuwa chachikulu. Yambirani pa chipatala chapafupi. Iwo ndiwo angakutumizeni kwa madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi ku zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Wachibwibwi asaletsedwe kulankhula pagulu, ndipo omvera asamumalizire mawu. Ngati chikumusautsa, afunse kuchipatala za akatswiri othandiza pa kalankhulidwe.

## Mwakhala pansi, koma akuluakulu nkhope zagwa

Vuto ili limapweteka nthawi yaitali, chifukwa mawu olakwika pa mwambo amakumbukiridwa zaka. Masiku ano wina amakhala akujambula, ndipo pofika madzulo zili pa WhatsApp.

1. Mwadumpha munthu kapena mwasokoneza maudindo. Kutchula gulupu ngati nyakwawa, kuiwala mfumu ya mudzi umene mwambo ukuchitikira, kutchula khansala musanatchule mfumu yaikulu pa mwambo wa m'mudzi. Ndondomeko imasiyana pakati pa mwambo wa boma, wa mpingo ndi wa chikhalidwe, ndiponso pakati pa mitundu: Angoni ali ndi Inkosi ndi Inkosi ya Makhosi, Achewa ali ndi Kalonga Gawa Undi. Musaganizire. Tengani mndandanda wolembedwa kwa woyendetsa mwambo kapena kwa nduna za amfumu, ndipo muuonenso mutatsala pang'ono kuima, chifukwa ena amafika mochedwa ndipo ena amatuma owaimira.
2. Mwatchula dzina molakwika. Funsani katchulidwe, mulembe mmene limamvekera.
3. Mwanena zosagwirizana ndi banja kapena komiti. Lonjezo la ndalama, tsiku la mwambo wotsatira, dandaulo kwa akuchimuna kapena akuchikazi. Awerengereni eni ake zimene mukanene usiku wake. Pa chinkhoswe, nkhani zimene ankhoswe sanamalize kukambirana sizituluka pa maiki.
4. Nthabwala yagwera munthu. Za mtundu wa anthu, ulumali, kusabereka, thupi la mkwatibwi, zibwenzi zakale: zisiyeni zonse. Chisuweni ndi chinansi zili ndi eni ake ndi malo ake, ndipo gulu lonse silidziwa kuti muli pa ubale wotero.
5. Mwalowetsa ndale kapena ulaliki pamalo posayenera. Anamfedwa sanakuitaneni kudzakopa mavoti. Pa gulu la zipembedzo zosiyana, siyirani atsogoleri a mapemphero gawo lawo.

Mukazindikira kuti mwadumpha wina mudakali chiimire, konzani pomwepo ndi chiganizo chimodzi: "Pepani, ndinadumpha gogo chalo, landirani ulemu wanu." Mukazindikira pambuyo, pitani kwa iwo tsiku lomwelo kudzera mwa nduna kapena wamkulu wa banja.

## Anaomba m'manja, koma palibe chachitika

1. Pempho linali la mumlengalenga. "Tiyeni tigwirane manja" sauza munthu chochita. Nenani ntchito, ochita, tsiku ndi malo: mudzi uliwonse utumize anthu 10 ndi makasu Lachiwiri m'mawa pa sukulu.
2. Munapempha zinthu zambiri. Chimodzi chokha ndicho chimafika kunyumba.
3. Atsogoleri anamvera pabwalo pomwepo. Amfumu, apampando ndi atsogoleri a amayi auzidwe msonkhano usanachitike. Munthu amene wadzidzimutsidwa pagulu sakankha nawo ntchito.
4. Palibe analemba. Mlembi alembe mayina a odzipereka anthu asanabalalike, ndipo tsiku lodzaonanso ntchitoyo lilengezedwe.

## Mawu ofunika kufunsa wodziwa malamulo musanawanene

Pali nkhani zimene kukonza kalankhulidwe sikungakutetezeni. Zikapezeka m'zolemba zanu, zichotseni kapena funsani kaye loya, a Legal Aid Bureau (bungwe la boma lothandiza pa za malamulo anthu osakwanitsa kulipira loya) kapena ofesi ya DC.

- Kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, kapena kunena mophiphiritsa kuti imfa yachokera kwa uje. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mawu otere pa maliro aphetsa okalamba osalakwa.
- Kutchula munthu kuti waba kapena wachita katangale popanda chigamulo cha khoti. Nenani zimene mabuku akuonetsa, kuti ndalama zakutizakuti sizikupezeka, ndipo nkhaniyo ipite kwa oyenera kufufuza.
- Matenda a munthu, wamoyo kapena malemu. Nenani zokhazo zimene banja lavomereza. Kuulula za HIV za munthu wina popanda chilolezo chake n'kosaloledwa.
- Kugawa chuma cha masiye pa maliro. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda katundu wawo ndi mlandu. Pa manda si pogamulira za nyumba, munda kapena ndalama za kuntchito.
- Msonkhano wapoyera kapena zionetsero. Lamulo la apolisi limafuna kuti okonza adziwitse DC polemba kalata, maola osachepera 48 zisanachitike, ndipo apolisi a deralo alandire kope. Ngati mwaitanidwa kukalankhula pa msonkhano wotere, funsani okonza akuonetseni kalatayo musanakwere pa nsanja.